Njerwa pa Denga la Kalavani

Ndikukumbukira chenjezo limene anandipatsa Amake Daliso ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Anandigwira khutu, osati mokalipa ayi, n'kunena m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka chija kuti, "Iwe mwana, denga sibayesa na maso. Uzikanikiza na chala." Ine ndinangoseka. Ndikanawamvera bwanji mayi achilendo pamene bambo anga ondibereka anali atanena kale kuti denga lili bwino?

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Laurel, tauni ya kuno kutsidya kwa nyanja, kudakali tchire lambiri. Bambo anabwera kuno ngati dalaivala wa bwana wina wa boma, ndipo bwanayo atabwerera kumudzi ife tinatsala. Mayi ankagwira ntchito ya usiku, yosamalira gogo wina wachizungu. Amake Daliso ndiwo ankasinthana nawo, mpaka anasanduka ngati pachibale, bambo n'kukhala alamu awo. M'nyumba yathu ya lendi tinkakhalamo mabanja awiri, phokoso la ana tsiku lonse. Kuseri kwake eni nyumba anasiyako kalavani yakale, kanyumba ka matayala kokoka ndi galimoto kamene kuno amati kampa. Matayala ake anali ataphwa kalekale. Mmenemo ndi mmene mayi ankagona masana akaweruka, limodzi ndi mlongo wanga Fatsani, amene anali asanayambe n'kukwawa komwe.

Kalavaniyo inkadontha. Bambo anali munthu wa ku Ntcheu amene anakula akufolera nyumba ndi udzu, kenako anakhomako malata a anthu asanaphunzire chiwongolero. Kumudzi, denga likadontha umakwera n'kumata phula pabowo, ndipo mphepo ikavuta umatsindira malata ndi miyala. Iwo anachita zomwezo. Anamata phula. Mvula itabweranso anamata phula lina pamwamba pa loyamba lija. Kenako anayala lona n'kulitsindira ndi njerwa, m'mbali monse n'kupaka penti yoyera. Ukaima pabwalo, kalavani ija inkawala ngati mkwatibwi. Koma denga la kalavani si malata a kumudzi amene pansi pake pali mphepo yokha. Pansi pa kachitsulo kake kopyapyala pali matabwa ndi zinthu zangati thonje zotchinga kuzizira, ndipo zonsezo zimamwa madzi osauza munthu.

Lamlungu lina titachoka ku tchalitchi, Amake Daliso analowa m'kalavanimo kukaona mwana. Ananunkhiza, anayang'ana kumwamba, natenga mpini wa tsache n'kukankha siling'i. Mpini uja unamira ngati ukulowa m'papaya lakupsa.

"Alamu, iyi denga yaola," anatero atatuluka.

"Alamu, inu munafolerapo chiyani?" bambo anawafunsa akuseka. "Khola la nkhuku?"

"Ninankhalapo mu kampa monga iyi, alamu. Chosanipo njerwa izo."

"Njerwazo ndiye zagwira denga. Pitani mukaphike, za pamwamba mutisiyire ife."

Onse anaseka, monga amachitira alamu. Potsanzika ndi pamene anandigwira khutu lija.

Mlungu wotsatira kunagwa mvula yosakata, m'nyengo ija masamba amafiira n'kuyoyoka. Loweruka kutacha bwino, bambo anaimika makwerero nandiitana.

"Elube, iwe ndiwe wopepuka. Kwera ukasese masambawo, ndipo njerwa ziwirizo ukazikankhire pakati pomwe lona likutukumuka."

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Inali ntchito yoyamba imene bambo anandipatsa yosakhudza mbale kapena matewera. Ndinangowakumbutsa kuti mayi ndi mwana ali mkatimo, iwo n'kuyankha kuti ndiye ndiziyenda ngati mphaka.

Pamwambapo panali poterera, ponunkha masamba oola. Nditagwada kuti ndikoke njerwa yoyamba, mawu a Amake Daliso anandibwerera. Ndinakanikiza ndi chala. Chinamira, ndipo nditachichotsa dzenje lake linatsala, timadzi tikudzaziramo.

"Bambo, pano pafewatu."

"Ndi phula limenelo. Phula limafewa. Pita, ndakugwirira makwerero."

Chala chinali chitanena zake, bambo anena zawo. Ndinaimirira n'kuponda.

Anthu amaganiza kuti denga likamagwa limalira ngati mtengo wothyoka. Ayi. Linangomveka ngati ng'ombe ikuzula mwendo m'matope. Mwendo wanga wonse unalowa mpaka m'ntchafu. Lona linapendekera kwa ine, ndipo ndinaona ndi maso angawa njerwa zija zikutsetsereka pang'onopang'ono, kundidutsa pambali, n'kuzimirira m'bowomo. Pansi panamveka phi, phi. Kenako zii. Zii ameneyo ndimamumvabe mpaka lero.

Ndinasuzumira pampata wa pakati pa mwendo wanga ndi chitsulo chong'ambikacho. Mayi anali atawerama pabedi, msana wawo utaphimba mwana. Anali akuyamwitsa, ndipo atamva siling'i ikutsika anangomufungatira. Pamsana pawo panali phulusa lakuda lonyowa, limene kale linali matabwa, ndipo nyerere zikuluzikulu zakuda zinkathamanga pamenepo zitanyamula mazira awo oyera. Dzanja lawo limodzi linali lende, ngati si lawo. Fatsani analira, ndipo mayi anakweza nkhope n'kundiona. Sanakuwe. Anangoti, "Elube, usasunthe mwanangu."

Ndiye kunamveka mawu a bambo kuchokera pamakwerero: "Waponda molakwika! Ndinakuuza kuti uziponda m'mbali!"

Sanandiuze zimenezo. Ndinkadziwa, iwonso ankadziwa kuti ndikudziwa. Kugwa kuja sikunandiziziritse thupi ngati mmene anandiziziritsira mawu amenewo. Ndinali ndisanaganizepo kuti pakamwa pa bambo pangatuluke chinthu chimene sichinachitike.

Kuchipatala anapeza kuti njerwa inathyola fupa la paphewa la mayi. Fatsani analibe ngakhale kachilonda. Njerwa inayo inagwera papilo, chikhato chimodzi kuchokera pomwe panali mutu wake. Ine anandisoka ntchafu, ndipo chipsera chake ndili nachobe. Amake Daliso anagwira ntchito ya anthu awiri mpaka mayi atachira, osanenapo n'kamodzi komwe kuti ndinanena ine.

Bambo ankafuna kungotseka bowolo ndi chidutswa cha lata. Mayi anatulutsa mpando panja, dzanja lili m'chitenje chomangirira m'khosi, n'kukhala moyang'anana ndi kalavani ija.

"Bambo a Elube, kanganulani zonse ndione."

Anakanganula. Lona, phula losanjikizana ngati zikopa, kachitsulo kaja. Matabwa ankachotsa ndi manja, hamala osafunika. Fungo lake linali la chitsime chakale. Atafika pa kabati yaing'ono ya pamwamba pa bedi, imene bambo anaimanga ndi waya n'kutiuza kuti chitseko chake chinawonongeka, anayamba kuzengereza. Mayi anati atsegule. Mkatimo munali beseni la maluwa ofiira limene mayi anachoka nalo kumudzi, litadzaza madzi a dzimbiri.

Beseni limenelo linali litasowa miyezi ingapo m'mbuyomo. Mayi ankati ndinalisiya panja ine mpaka linabedwa, ndipo anandikwapula chifukwa cha mlandu umenewo. Chonsecho linali mommuno. Bambo ankalowa m'mamawa uliwonse mayi asanaweruke, kumasula waya, kutaya madzi, n'kumanganso. Ankadziwa kuti phula lawo silinagwire. Ankadziwa pamene ankaseka alamu awo. Ankadziwa pamene ankandigwirira makwerero.

"Ndi ili beseni ndinamenyera mwana?" mayi anafunsa, motsitsa mawu kwambiri.

Bambo anangoyang'ana nsapato zawo. Ine ndinakhala pansi paudzu wonyowa.

Denga lija linakonzedwa mmene Amake Daliso ananenera. Bambo anadula matabwa onse mpaka pomwe mtengo unayamba kulira ukaugogoda ndi kukana msomali. Madzi sankalowera pomwe ankadonthera ayi. Ankalowera kutsogolo, m'mphepete mwa kawindo kapadenga kotulutsira mpweya, n'kuyenda mobisala m'matabwa mpaka pamwamba pa bedi. Phula lonse lija linkamatidwa pamalo opanda bowo. Anasiya chigobacho chiume padzuwa, anaika mitanda yatsopano ndi matabwa opyapyala a pulayiwudi, anayala chitsulo n'kumata bwino m'mphepete mwa kawindo kaja. Njerwa anakaziponya kutchire. Bambo sanapepese, anthu a msinkhu wawo sankapepesa kwa mwana. Koma thabwa lililonse asanalikhome ankandiitana n'kunena mawu amodzi okha: "Yesa." Ndipo ndinkakanikiza ndi chala.

Lero ndakalamba kuposa mmene iwo analili, ndiye ndimawamvetsa pang'ono. Tsiku lonse ankatsegulira anthu ena zitseko za galimoto, Chingerezi chikuwathawa pakamwa. M'dziko lonse lino chinthu chimodzi chimene ankachidziwa kuposa aliyense chinali denga. Kunena kuti landikanika kunkawalemera kuposa njerwa. Sanali munthu woipa, ankatikonda. Chimene chimandiopsa n'chomwecho: munthu wokukonda atha kukugwirira makwerero n'kukuuza kuti pita.

Chiyambire pamenepo sindikhulupirira aliyense, ndipo sindibisa. Mankhwala akuchipatala ndimawayang'anitsitsa ndisanamwe. Mpando wa ku tchalitchi ndimayamba ndaugwedeza. Chaka chatha mkamwini wanga wa ku Bowie anagula kalavani yakale kuti azipita nayo kokayenda ndi zidzukulu zanga. Ndinamupeza atanyamula chidebe cha penti yoyera yomatira denga. Ndinalowa ndi ambulera yanga n'kuyamba kubaya siling'i.

"Grandma, you're making holes!" anakuwa mdzukulu wanga wamkazi, amene Chichewa amamva koma kuyankha ayi.

"Amayi, wogulitsa uja anatitsimikizira kuti sidontha," anatero mkamwini.

"Ali kuti wogulitsayo? Adzagonamo ndi iye?"

Pakona ya kumutu kwa bedi la ana ambulera inalowa mpaka theka, madzi akuda n'kutsikira m'dzanja langa. Mkamwini anaika chidebe pansi. Anakanganula denga lonse, ndipo ana sanagonemo mpaka nditayesa ndekha thabwa lililonse.

Tsono ndilankhule ndi inu amene mukuwerenga, makamaka anzanga a ku tchalitchi ndi ana a anzanga omwe munamwazikira ku Laurel, ku Bowie ndi uko kwa Foggy Bottom. Ndimakhala ndekha tsopano. Mukandiimbira foni ndimati ndili bwino. Lamlungu mumandiona nditavala duku lochapa, nkhope nditadzola. Dziwani kuti ine ndine mwana wa bambo aja, ndipo penti ndimaidziwa kupaka. Mwezi wathawu ndinagwa kubafa, osauza munthu. Ndili ndi mabeseni anga amene ndimataya m'mamawa anthu asanadzuke.

Musamangondiimbira. Bwerani mudzandione. Mudzatsegule firiji muone ngati muli chakudya, mudzandiuze ndiyende kuchokera pampando kufika pakhomo inu mukuyang'ana. Ndidzayamba ndakusuzumirani pa kabowo ka chitseko, ndidzafunsa kuti ndinu mwana wa yani ndipo wakutumani ndani, mwinanso ndidzakuuzani kuti palibe vuto, bwererani. Musabwerere. Gogodaninso.