Ndinkasesa Chiliza cha Aphungu

Kumanda kwathu, mukadutsa Nsaru n'kulowera njira ya ku Kabudula, kuli chiliza chimodzi chofoleredwa ndi malata. Pansi pake pagona aphungu athu akale. Pali matailosi oyera, chithunzi chawo atavala suti, ndi mpanda wachitsulo. Nyumba yanga imadontha mpaka lero, koma kwa zaka zambiri denga la pamandalo ndinkalinyadira ngati ndimagonamo ndine.

Ndinali tcheyamani wa chipani m'midzi yathu. Musaganize zazikulu ayi. Ntchito yanga inali kunyamula mipando, kumangirira mbendera pansungwi, ndi kukuwa galimoto lawo likatulukira. Dzina langa aphunguwo sankalidziwa, ankangoti "achimwene aja a njinga". Ine n'kuthamangira kunyumba kukauza mkazi wanga kuti bwana andilankhula lero.

Aphunguwo atamwalira anabwera nawo kuchokera m'tauni kudzawaika kuchikazi kwawo, m'manda momwe mumagona anthu athu tonse. Mayi anga anali atagonamo kale zaka zitatu. Pamtumbira pawo tinazikapo mtanda wamatabwa, mlongo wanga n'kuvundikirapo mbale yawo yachitsulo yobooka pakati. Tsiku loika amayilo ndinalira mpaka kusasa mawu, ndipo ndinaloweza chinthu chimodzi: amayi ali m'munsi mwa mtengo wa msuku. Kumanda sikupitidwa wambawamba, munthu umalowako pamaliro kapena polambula, choncho msukuwo ndiwo unali chizindikiro changa.

Patapita chaka aphungu ataikidwa, amisiri a m'tauni anamanga chiliza cha aphungu chija, uthenga n'kubwera kuti akuluakulu a chipani adzafika kudzachivundukula. Panafunika malo oika mipando. Ndinakapempha kwa amfumu, iwo anandilola kulambula. Kulambulatu n'kuchotsa udzu basi. Koma ine mwini changu ndinaona kuti kutsogolo kwa chiliza kuli timabampu, ndipo ndinaganiza za nduna itagwa chagada pampando wapulasitiki anthu akuona. Ndinadziuza kuti ndi tizulu ta chiswe. Ndinatenga khasu n'kusalaza ponsepo, kuthirapo mchenga wa kudambo, kuyalapo njerwa bwinobwino. Mwambo unayenda, ndipo mkulu wina wochokera ku Lilongwe anandigwira chanza. Dzanja limenelo ndinachedwa kulisamba.

Kuyambira pamenepo chilizacho chinasanduka munda wanga. Mwezi wa Novembala, ansembe akamabwera kudzadalitsa manda, ine ndinkalawirira ndi tsache, ndowa ndi sopo. Matailosi ndinkawakwecha kuposa mmene ndimasambira. Alendo akafika ndinkaima pakati pa njerwa zija, manja kumbuyo, n'kumafotokoza za mlatho ndi zitsime zimene malemuwo anabweretsa, ndi zina zimene sanabweretse. Ndikatha ndinkapita pamsuku wa chakumadzulo, kuzula udzu pang'ono pamtumbira, kulemba chizindikiro cha mtanda mothamanga, n'kubwerera kwa alendo anga. Mtanda wamatabwa sindinkauona, ndinkati chiswe chadya. Za mbale sindinaganizeko n'komwe.

Chaka china mtedza unachita bwino kwa mlongo wanga, amene anakwatiwa ku Namitete. Anabwera ndi matumba a simenti pangolo.

"Achimwene," anatero, "amayi akhalitsa opanda chizindikiro. Inu ndinu mwini mbumba, mukatilozere malo timange."

Ndinavala jekete. Tinapita atatu: ine, iye, ndi mkulu wa adzukulu, nkhalamba imene yakumba manda m'mudzi mwathu kuyambira ndili mwana. Adzukulu mukuwadziwa, pakamwa pawo sipatsekedwa, ngakhale pamaliro amaseka nawe. Ndinatsogola monyang'wa mpaka pamsuku wanga uja, n'kuloza ndi ndodo.

Mkuluyo anayang'ana mtumbirawo, n'kundiyang'ana ine, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Atcheya, apa pagona mlendo uja wa ku Nambuma ankasoka ndowa, amene abale ake sanabwere kudzamutenga. Ndiye ndinu mwakhala mukumupalira zaka zonsezi eti? Ife timati mwina anali mnzanu."

Magazi anandiwira. Ndinamuuza kuti mayi ndi anga, ndinawaika ndikuona ndi maso angawa, ndipo msuku ndi uwu. Ndinawonjezanso kuti manda awa ndimawadziwa kuposa aliyense, afunse alendo a m'tauni.

"Misuku inali iwiri," anayankha. "Wina anadula amisiri aja, unkatchinga denga la bwana wanu. Tiyeni kuno."

Tinamutsatira. Anakaima pakona ya mpanda wachitsulo, n'kufukula masamba ndi phazi. Panali chitsa. Chitsa chimenecho ndinkachilambalala chaka ndi chaka ndi tsache langa, nthawi zina n'kukhazikapo ndowa. Mkuluyo anachifulatira n'kuponda mapazi atatu motsetsereka. Anaima pakati pa njerwa zanga, penipeni pamene ndinkaima polankhula. Njerwa za pamenepo zinali zitasalala ndi nsapato zanga.

"Ndinakumba ndine," anatero, ndipo ulendo uno sanaseke. "Tsiku mumasalaza lija ndinali ku chipatala ku Kabudula. Nditabwera ndinapeza mwayala kale. Ndinkati mukudziwa, mwina mwagwirizana pabanja."

Mlongo wanga anagwada n'kuyamba kuzula njerwa ndi manja. Ine ndinatsamira ndodo yanga. Ndinkapempherabe mumtima kuti nkhalambayo yasokonezeka mutu. Atachotsa njerwa zinayi, mlongo wanga anapalasa mchenga, n'kutulutsa mbale yochita dzimbiri, yophwanyika mbali imodzi. Analowetsa chala pachiboo chapakati paja.

Apo m'pamene ndinakumbukira. Tsiku losalaza lija khasu langa linagunda kachitsulo, kanalira kuti ngwe. Sindinawerame n'komwe. Ndinangokakankhira pansi ndi chidendene n'kukwirira, chifukwa dzuwa linali litakwera ndipo mchenga unali usanakwane. Kuphwanyika kwa mbaleyo linali khasu langa.

Ndinachita manyazi amene sindinawachitepo chibadwire. Ndikanakonda mlongo wanga akanandilalatira, kapena kundiponyera njerwa. Iye anapukuta mbale ija ndi nsonga ya chitenje, pang'onopang'ono, osandiyang'ana.

"Musadandaule, achimwene," anatero. "Ana ena amaiwaliratu njira ya kuno. Inu ndiye munkabwera chaka chilichonse, n'kudzawaima pachifuwa."

Chiliza cha amayi tinamanga sabata yomweyo. N'chaching'ono, cha simenti yokha, dzina tinalemba ndi msomali isanaume. Chili pakhomo penipeni pa mpanda wa aphungu, moti wofuna kulowa amayenera kuzungulira cham'mbali. Palibe anadandaula, chifukwa chipani chija chitagwa pachisankho alendo a m'tauni analeka kubwera. Malata ayamba dzimbiri, matailosi awiri anasweka, ndipo pansi pa dengalo mbuzi zimausapo dzuwa likatentha.

Njerwa zotsala ndinazizula ndekha tsiku lomwe tinapeza mbale lija. Mkulu wa adzukulu anakhala pachitsa n'kumandiuza dzina la munthu aliyense amene ndinkamuvundukula. Analipo asanu, ndipo onse ndinkawadziwa.