A Marcella a ku Positi ndi Ma John Gillis Asanu ndi Anayi

A Marcella anabadwa a Gillis, nakwatiwanso ndi a Gillis, ndipo ankakonda kuseka kuti pa ukwati wawo chinasintha ndi khomo lokha. Panalibe chachilendo pamenepo. M'chigwa chathu cha Margaree, ukaponya mwala pabwalo la tchalitchi Misa itangotha umagenda Gillis, ndipo wobwera kudzakukalipira amakhalanso Gillis. Makolo anachokera ku Morar, ku Scotland, pa sitima zamatanga. Anali mabanja owerengeka, koma Mulungu anawadalitsa ndi ana khumikhumi mpaka mfunda umodzi unadzaza tsidya lino ndi tsidya lija la mtsinje. M'Chigeliki, chinenero cha makolowo, mfundawo ndi Mac Gill'Iosa, ndiko kuti mwana wa mtumiki wa Yesu. Bambo mfumu wina akapsa mtima paguwa ankatikumbutsa kuti Yesu ali ndi atumiki ochuluka m'chigwa muno, koma nyengo yosaka agwape ikafika mabenchi sachitira umboni.

Amuna awo, a Duncan, unawagwera mtengo kunkhalango mu 1941, namwalira, nawasiyira ana aakazi anayi. Chaka chomwecho a Marcella anatenga ntchito ya positi. Positiyo inali ngodya ya khitchini yawo: kabati yazibowo, sikelo yaing'ono, chidindo ndi mpando. Rory, wa lole yakale, ndiye ankabweretsa thumba kuchokera ku siteshoni, ndipo anthu ankadikirira makalata awo pafupi ndi chitofu, tiyi ali m'manja.

Boma linkadziwa John Gillis mmodzi. A Marcella ankadziwa asanu ndi anayi. Kuno munthu amatchedwa dzina lake, kenako la bambo ake, kenako la agogo ake, ndipo ngati sizikukwanabe mumabwerera m'mbuyo mpaka mutamupeza. Koma olemba makalata a ku Halifax ndi ku Boston sankadziwa zimenezo. Ankangolemba kuti John Gillis, Margaree, n'kumata. A Marcella ankayang'ana zilembo, chidindo, mtundu wa envelopu, n'kuponya kalatayo m'chibowo chake osafunsa munthu. Rory ankalumbira kuti zina amachita kununkhiza. Iwo ankangoti ntchito ndi kudziwa amene ali ndi mwana kuti, basi.

Mwa anthu obwera ku positi Lachisanu munali a Christy a kuphiri, mayi wosakwatiwa, wouma ngati chikuni, wa mawu ochepa. Mlongo wawo wamng'ono, John, anachoka maliro a bambo awo atangotha sabata imodzi, nawasiyira munda, ng'ombe ndi mayi odwala. Ukwati umene a Christy ankauyembekezera unathera pomwepo. Dzina la mlongoyo silinkatuluka pakamwa pawo. Koma Lachisanu lililonse ankatsika makilomita asanu, n'kuima pakhomo osavula chikhoti, n'kufunsa ngati buku la mitengo yogulira mbewu lafika. Ankafunsa ngakhale mu Disembala, nthaka itauma gwa ndi chisanu. A Marcella ankayang'ana m'chibowo mosamala ngati angapezemo kanthu, n'kuyankha kuti silinafike.

Lolemba lina mu Novembala wa 1957 munabwera kalata yolembera woyang'anira positi. Inachokera kwa asisitere a pachipatala china cha ku migodi ya ku Ontario. Kalata yopanda mwini a Marcella ankaiwerenga mokweza kuti amene ali m'khitchini athandize nzeru, ndipo tsikulo anachitanso chimodzimodzi, osayamba aiona okha.

Asisiterewo ankati pa 4 Novembala mwala unagwera munthu wina m'mutu pansi pa mgodi. M'buku la pantchito analembedwa kuti John Gillis wa ku Margaree, ndipo pamalo olembapo achibale panalibe kanthu. Akamufunsa kuti ndinu ndani, tikuitanireni ndani, amayankha zomwezomwezo: John, Lauchie, Ranald, Dougald. Asisiterewo anaganiza kuti ndi bambo amene akulira ana ake atatu. Madokotala sankalonjeza kanthu. Ankapempha kuti mkazi wake ndi anawo apezeke msanga, kuti munthuyo asafe ngati wopanda kwawo.

Kapu inagwa pansi n'kusweka. Anali Sadie, mayi wachitsikana wa kumlatho, amene mwamuna wake, John Gillis, anali ku migodi komweko. Ana ake aamuna anali awiri, Ranald ndi Lauchie, ndipo anali ndi pathupi pa miyezi isanu ndi umodzi. Rory, amene pakamwa pake pankathamanga kuposa lole yake, anati basi, Dougald ndi amene ali m'mimbayo, bambo watchuliratu dzina. Sadie anagwira m'mphepete mwa tebulo, nayamba kufunsa kuti sitima inyamuka liti, ana awasiyira ndani.

A Marcella anamukhazika pampando wa positi, umene sankalola munthu kukhalapo. Anatenganso kalata ija nawerenga mainawo pang'onopang'ono, milomo yokha ikuyenda, monga ankachitira ndi kolona. Ulendo wachiwiri lilime lawo linazindikira zimene maso anaphonya.

"Sadie, mwanawe, kalata ija ndinakupatsa sabata yatha, chidindo chake chinali cha liti?"

Sadie sanadziwe.

"Cha pa 9. Ndinachiona. Ndipo unatiwerengera pompano. Munthu amene wagona m'chipatala mutu utavulala kuyambira pa 4 salemba kalata yodandaula kuti masokosi amene unamulukira ndi aafupi."

Wina anaseka, kenako anadzigwira pakamwa. Sadie anayamba kulira tsopano, kulira kwenikweni, nkhope ataikwirira m'epuloni ya a Marcella.

Iwo anamusisita pamutu, maso ali pa kalata. Ananena kuti bambo akamaitana ana ake sayamba ndi dzina lake lomwe. Awa sanali ana. Munthuyo anafunsidwa kuti ndi ndani, ndipo ankayankha monga amayankhira mwana aliyense wa m'chigwa muno akafunsidwa ndi wamkulu panjira. John wa Lauchie wa Ranald wa Dougald. Asisitere a ku Ontario akanadziwa bwanji?

Rory anavula chipewa nadzimenya nacho pabondo. Anati iye ankawadziwa a Lauchie, anawanyamula nawo pa maliro, koma mutu wake ndi dzungu. Aliyense m'khitchinimo anali atadziwa kuti kalatayo ndi ya kuphiri, pakuti a Lauchie ndiwo anali bambo awo a Christy.

A Marcella anasiyira mwana wawo wamkulu chidindo, navala nsapato za amuna awo. Rory anawaperekeza pa lole mpaka pamene msewu unathera, kwinako anayenda pansi. Anawapeza a Christy akuwaza nkhuni kuseri kwa khola. Anawapatsa kalata ija m'manja kuti awerenge okha, chifukwa phunziro la m'mawa linali lisanazizire. A Christy anaiwerenga ataimirira, anaipinda bwinobwino, naibweza.

"Ine ndilibe mlongo, Marcella. Akaitane a Gillis anzake. Si adzaza dziko?"

"Adzaza, inde. Koma a Lauchie wa Ranald wa Dougald mwatsala awiri, ndipo winayo ali pabedi."

A Christy ananyamulanso nkhwangwa. Ananena kuti mayi awo anamwalira akuyang'ana pakhomo, kuti iwo anakumba mbatatesi okha zaka zonsezi, anafolera denga okha, ndipo munthuyo sanatumize ngakhale kapepala ka moni pa Khirisimasi. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. A Marcella sanatsutse chilichonse. Anadikira chikuni chigawike pakati.

"Ndikudziwa kuti sanalembe. Thumba ndimatsegula ndine. Ndikudziwanso kuti buku la mbewu limabwera kamodzi pachaka, mu Febuluwale."

Nkhwangwa inakhala m'chitsa. A Christy anayang'ana kuchigwa. A Marcella ananena motsitsa mawu kuti munthuyo waiwala mgodi, waiwala chaka, mwina waiwalanso chimene anathawira, koma mzere wa makolo ake sanauiwale. Akamaunenabe kwa anthu osaumva mpaka mpweya utatha, adzaikidwa pansi pa thabwa lolembedwa John Gillis, ngati enawo onse.

"Nanga ng'ombe akama ndani?"

"Ndikama ine. Ndikalephera akama Rory, kuti manja ake agwireko ntchito m'malo mwa pakamwa."

A Christy anali asanakwerepo sitima. Madzulo a tsiku lomwelo a Marcella anawalembera kuseri kwa envelopu malo onse osinthira, nawamangirira kapepalako ndi pini mkati mwa chikhoti. Anawakulungira buledi, tchizi ndi mabisiketi, natumiza telegalamu kwa asisitere kuti ana kulibe, akubwera ndi mlongo wake. M'mawa mwake Rory anawasiya pa siteshoni. Kwa masabata atatu a Marcella ankakwera phiri kawiri patsiku ndi ndowa, pakati pake n'kumagawa makalata, ndipo usiku uliwonse pa kolona ya banja ankawonjezera Tikuoneni Maria mmodzi wa John wa Lauchie.

Za kuchipatala a Christy anazifotokoza kamodzi kokha, m'khitchini momwemo, atabwerako. Anati anapeza nkhalamba yowonda, ya imvi, mutu uli m'mabandeji, ndipo mtima unawagwa poganiza kuti ayenda masiku awiri kudzaona John Gillis wa eni ake. Asisitere anawerama n'kumufunsa munthuyo kuti ndi ndani. Iye anayamba, maso ali chitsinzinire: John, Lauchie, Ranald, Dougald. Anaima pamenepo. A Christy anamva pakamwa pawo pakupitiriza pokha, m'Chigeliki, chimene anali asanachilankhule chimwalirire mayi awo.

"Wa Donald, amene anakwera sitima ku Morar. Chitsiru iwe, wasiya mmodzi."

Munthuyo anatembenuza mutu pang'onopang'ono, natsegula maso, nawayang'ana kuyambira ku chipewa mpaka ku nsapato.

"Christy," anatero, "ng'ombe wasiyira ndani?"

John sanafe. Anabwera kwawo chisanu chitatha, akukoka mwendo, mawu akutuluka mochedwa. Za mgodi sanayambenso, za chimene anachokera sanafotokoze, ndipo a Christy sanamufunse pamaso pa anthu. Ankamukalipira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, pa nkhani ya matope a m'nyumba ndi fodya, koma mbale yake inkakhala yoyamba kudzazidwa. John anakhalanso ndi moyo zaka khumi ndi chimodzi. Ankatchetcha udzu kumanda a tchalitchi osauzidwa ndi munthu, ndipo mlendo wa ku Boston akabwera kudzafuna manda a agogo ake pakati pa miyala ya a Gillis yosawerengeka, John ankangomufunsa kuti ndinu a ndani wa ndani, n'kumutsogolera. Lachisanu ankatsika awiri ku positi. A Christy ankavula chikhoti n'kumwa tiyi, ndipo buku la mbewu sanalifunsenso. Likafika mu Febuluwale a Marcella ankangowapatsira.

Atamwalira John, wosema miyala anati maina asanu achuluka, sakwana pamzere. A Christy anamuuza kuti achepetse maluwa. Mwalawo ulipo mpaka lero, kumunsi kwa mpanda, ndipo ndi umodzi wokha umene munthu safunsa kuti John Gillis wake uti.

A Marcella sanawerengenso mokweza kalata imene sanayambe aiona okha. Ankati kapu ya Sadie imaswekabe m'makutu mwawo, ndipo nkhaniyo anakaitula ku ulapiro. Anthu akawayamikira za John wa Lauchie ankakana, n'kunena kuti ayamikire asisitere amene anakhala pansi kulembera positi ya kumudzi chifukwa cha munthu wosamudziwa, ndiponso a Lauchie amene anaphunzitsa mwana wawo kuyankha akafunsidwa. Positi yawo inatsekedwa mu 1972, makalata atayamba kusiyidwa m'timabokosi ta m'mbali mwa msewu. Woyendetsa galimoto yogawa makalatawo anatha mwezi wathunthu akuima pakhomo pawo ndi mpukutu wa maenvelopu, iwo n'kumamugawira ali pampando wawo uja, magalasi ali pamphuno. A Marcella anamwalira mu 1985, kolona ili m'manja, ana awo anayi atawazungulira.

Mwana wa Sadie uja anabadwa mu Febuluwale, ndipo anali mtsikana. Anamubatiza Marcella. Rory ankamuitana Dougald mpaka tsiku la ukwati wake, ndipo mtsikanayo ankayankha. Mwezi wa Novembala uliwonse, pamene maina a omwalira amaikidwa paguwa, iye amalemba a Marcella a ku positi pamwamba pa pepala lake, pafupi ndi bambo ake, amene anabwerako ku migodi ali bwinobwino nakalamba akudandaulabe za masokosi.