Madzi ogona

Amayi atachoka ku Zingalume kudzakhala nane ku boma la Chadiza, anakana madzi a pampopi. "Akununkha chipatala," anatero, n'kukankha kapu. Sankanama, mankhwala ake ankamveka mpaka kukhosi.

Ndinayesa kuwiritsa, makala anangondithera. Ndinafinyiramo ndimu, iwo analawa n'kulavula. Ndinatopa nazo. Kenako mnzanga wa kuntchito anandiuza kuti ndizitunga madzulo, ndowa ndizisiya yosavundikira mpaka m'mawa, fungo lizituluka lokha. Linathadi.

M'mawa ndinawapatsa kapu nditagwada, mtima uli m'malo. Anamwako pang'ono, n'kundiyang'ana.

"Watunga liti?"

"Dzulo, amayi."

Anandibwezera kapu ija. "Iwe mwana, ukundiyesa nkhuku ine, kuti ndizimwa madzi ogona?"