Mgolo wa Akuseri

Anthu ankawatchula kuti Akuseri, chifukwa akalowa m'nyumba ya munthu ankayamba agwira kuseri kwa firiji, moni pambuyo. Anakonza mafiriji kwa zaka makumi atatu, ndipo chinkawapweteka mtima n'chimodzi: kutentha konse kotuluka kuseriko kumangothera mumphepo. Akayamba nkhani imeneyi paukwati, abale ankanyamuka mmodzimmodzi ngati aitanidwa panja.

Mlongo wawo anali ndi butchala, ndipo ndiyo inkadyetsa ana ake anayi chimwalirireni bambo awo. Lolemba lina mayi woyendera zaumoyo anatsegula mpopi wotsukirapo mipeni n'kupeza madzi ozizira. Analamula kuti pofika Lachisanu pakhale madzi otentha, apo ayi atseka malowo. Giza yotenthetsera madzi inalipo, koma akaiyatsa pamodzi ndi makina a chipinda chozizira chosungiramo nyama, magetsi onse ankathima.

"Achimwene, zamisala zanu zija zingathekedi?" anafunsa mlongoyo.

Paja wamisala anaona nkhondo. Akuseri anabwera ndi mgolo, nadula paipi yotentha yochokera ku kompuresa, injini ya chipinda chozizira chija, n'kuilumikiza ku paipi yamkuwa yomwe anaipinda ngati nkhata m'kati mwa mgolomo. Kunja anaukulunga ndi mabulangete akale. Pofika Lachitatu madzi ankaotcha chala.

Lachisanu m'mawa Akuseri anadzera kudzangoona, natsegula mpopi. Madzi anali ongofunda pang'ono, kompuresa ili zii. Atasuzumira m'chipinda chozizira anapeza mbedza zokhazokha, pansi pali mbee.

"Achemwali, nyama ili kuti?"

"Ndinakasungitsa kwa anzanga dzulo. Ndakwecha monsemu ndi madzi anu aja, kuti adzapeze mwaukhondo."

"Mwandipha! Makinawa amatentha akamagwira ntchito. M'chipinda mopanda kanthu aziziritsa chiyani, mbedza?"

Mlongoyo anagwira pakamwa. Akuseri anachita mantha zedi, koma yokalipa nthawi panalibe. Anathamangira kophera ng'ombe ndi kagalimoto kawo kosalira popanda kukankha, nabwerako ndi miyendo inayi ya ng'ombe yophedwa kumene, nyama ikadali yofunda. Atangoikoleka pambedza n'kutseka chitseko, kompuresa inadzuka.

Maola atatu onse anaima pafupi ndi mgolowo, dzanja lili m'kati mwa mabulangete ngati mayi wopima mwana wodwala. Mlongo wawo ankangosuzumira kumsewu. Galimoto iliyonse yoima panja inkawadumphitsa mtima onse awiri.

Mayi wa zaumoyo uja anafika dzuwa litapendeka. Sanataye nthawi ndi moni wautali. Anapinda mkono wa malaya, natsegula mpopi, n'kuika dzanja.

"Mayo!" Analichotsa msanga, akulikupiza m'mwamba. "Bwanji osandichenjeza?"

Anayang'ana giza, napeza ili yozimitsa. Anatsatira paipi mpaka pamgolo, nagwedeza mutu, kenako anasaina pepala la chilolezo, nawasiyira n'kumapita.

Akuseri anapumira m'mwamba, thukuta lili kamukamu. Mlongo wawo anakhala pachidebe chovundikira, pepala lija ali nalo pachifuwa, nayamba kuseka misozi ikutsika. Panja anthu atatu anali atayamba kale kugogoda, wina atanyamula mbale.

"Achimwene," anatero, "miyendo yanga yakana. Katsegulireni anthuwo, tigulitse nyama."