Fayilo ya Mwana wa Mayi Manambala

Taganizirani m'mawa wamba pachipatala chachikulu. Odwala ali kale pamzere, okolopa akumaliza makonde, ndipo kuseri kwa malo olandirira mankhwala, m'kachipinda ka zenera limodzi, mayi wa magalasi akupukuta desiki asanakhale pansi. Pachipatalapo aliyense ankawatcha Mayi Manambala.

Ntchito yawo anthu ambiri saidziwa. Wodwala akachoka m'chipatala, kaya wachira kaya watisiya, fayilo yake imapita kuchipinda chimenechi. Mayi Manambala ankawerenga zimene dokotala walemba, n'kupatsa matenda aliwonse nambala yake ya m'buku lalikulu. Chaka chikatha, manambalawo ndi amene amauza akuluakulu chimene chikupha anthu ndiponso kumene kukufunika anamwino ndi mankhwala. Ntchitoyi anaigwira zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ankakonda kuseka kuti madokotala amalemba ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi, koma pa malamulo sankaseka. Lamulo loyamba linali lakuti chimene dokotala sanalembe, iwe usachipatse nambala, ngakhale ukuchidziwa. Lachiwiri, fayilo ya m'bale wako usaigwire.

Mwana wawo wachisamba anali telala, mtsikana wansangala wosachedwa kuseka. Anabereka mwana wamwamuna pakachipatala ka kufupi ndi kwawo, ndipo zonse zinkaoneka kuti zayenda bwino. Patatha masabata atatu telalayo anayamba kutentha thupi. Mwamuna wake anathamanga naye kuchipatala chachikulu chija, khanda n'kulisiya ndi azakhali ake. Popeza analibe mimba komanso sanabwere ndi mwana, anamugoneka kuwodi ya matenda wamba. Tsiku lachitatu anamwalira.

Maliro atatha, Mayi Manambala anabwerera kuntchito. Fayilo yachisanu pamulu wawo inali ndi dzina la mwana wawo, limene iwo eni anasankha. Sanaitsegule. Anainyamula ndi manja awiri n'kuika padesiki la mnzawo, bambo wamtali amene anagwira naye ntchito zaka zambiri. Kenaka anakhala pansi, maso ali pafayilo ina, koma osawerenga kanthu. Ankangomva mnzawoyo akutembenuza mapepala.

Dzuwa litafika paliwombo anafunsa nambala imene yaperekedwa.

"Amayi, musandifunse zimenezo," anatero bamboyo.

"Ndikufunsa ngati mnzanu wa pantchito, achimwene."

Bamboyo anawauza. Dokotala anali atalemba kuti matenda analowa m'magazi, gwero lake losadziwika. Za kubereka panalibe liwu ndi limodzi lomwe. Motero mwana wawo sakanawerengedwa pakati pa amayi omwalira chifukwa cha uchembere.

"Khanda lili kwanga, likumwa mkaka wa m'chitini," anatero Mayi Manambala motsitsa mawu. "Nanga nambala imeneyo ikunena za mwana wa ndani?"

Mnzawoyo, mtima utamupweteka, anati akhoza kungoisintha, palibe amene angadziwe. Mayiwo anakana. Anati akasintha iye likhala bodza ngakhale nkhaniyo ili yoona. Asinthe amene analemba.

Mayiwo anamufunafuna dokotalayo masiku atatu. Tsiku lachinayi anakhala pabenchi pamodzi ndi odwala mpaka nthawi yawo inakwana. Dokotala atamva za fayiloyo nkhope inagwa, poganiza kuti abwera kudzamuimba mlandu. Iwo anamukhazika mtima pansi. Anati sanabwere ndi mlandu, angofuna mzere umodzi wosowa: kuti wodwalayo anali atabereka masabata atatu m'mbuyomo.

Dokotala anaitanitsa fayilo ija. Anaitsegula, n'kubwerera patsamba loyamba, pafomu yolandirira odwala. Panali malo a dzina, a zaka, a kutentha kwa thupi. Funso la kubereka panalibe. Mkamwini wa mayiwo anali atanena za kuberekako pakhomo polandirira, koma wolembayo analibe poika mawuwo, ndipo nkhaniyo sinafike kuwodi.

"Amayi, ndikanadziwa ndikanayambira kuona chiberekero," anatero dokotala.

Mayi Manambala anabwera kudzakonzetsa nambala, sanabwere kudzamva zimenezo. Mpaka tsiku limenelo ankadzitonthoza kuti panalibe chimene munthu akanachita.  Dokotala analemba mzerewo, n'kusaina, n'kuika tsiku. Iwo anathokoza mwaulemu monga mwa chizolowezi chawo, ndipo anakalirira m'chipinda chosungira mafayilo akale, kumene sikufika anthu. Madzulo asanaweruke, mnzawo uja anasintha nambala.

Ndiyenera kunena kuti sanabwererenso mwakale. Nthabwala zinachepa, ndipo masiku ena ankafika ndi maso ofiira, malaya akununkha mkaka wa mdzukulu. Koma anapempha chilolezo choonanso mafayilo a amayi onse a msinkhu wobereka amene anamwalira m'mawodi wamba zaka ziwiri zapitazo. Ankawawerenga pa nthawi ya chakudya chamasana. M'zolemba za anamwino, m'mphepete mwa tsamba, ankapeza timawu tomwe aliyense anatidumpha: akuyamwitsa, akufunsa za khanda lake. Fayilo iliyonse yotere ankapita nayo kwa dokotala amene anailemba. Ena ankawalandira bwino, ena ankawazemba m'makonde, koma iwo ankangobweranso mawa lake.

Pamene ankapuma pantchito, amayi khumi ndi mmodzi, kuphatikizapo mwana wawo, anali atawerengedwa m'gulu loyenera, ndipo fomu yolandirira odwala pachipatalapo inali ndi funso latsopano, lofunsa mayi aliyense ngati wabereka m'masabata asanu ndi limodzi apitawo.