Wodula sanda ya amalume

Ndinadzuka kusanache, mbaula itazima, zala zitauma ndi chisanu cha mu Juni. Thupi la amalume linali m'chipinda chamkati, ndipo azibambo amene anachezera kuwerenga Kurani ankasinza atatsamira khoma. Pabwalo lathu la ku Alexandra, kudziko la eni kumene tinabwera kudzagwira ntchito, azimayi anali atayamba kukoleza malasha a tiyi ndi mpunga.

Amalume ankadula nsalu pafakitale ina ku Doornfontein. Bwana wawo anali wapakamwa poipa, wotukwana ngakhale a imvi, ndipo Lachisanu sankawalola kupita kumzikiti. Anzawo ankabisa luso poopa kulandidwa malo. Iwo ayi. Ankati Msilamu wobisa chimene akudziwa akayankha kwa Allah. Choncho anaphunzitsa bambo wina wa ku Machinga mpaka anaidziwa sizasi ngati iwo. Bwana ataona zimenezo anawachotsa ntchito amalume, tebulo lawo n'kupatsa wophunzira uja. Chaka chisanathe chifuwa chinawatenga. Wophunzira ameneyo ndinkadana naye, sindibisa.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika, a m'makhitchini a ku Rosebank, a kumigodi, ena akulankhula Chiyao, ena Chizulu. Mphepo inkatithira fumbi m'maso. Nsalu yoyera ya sanda, yokulungira thupi, inabwera koma woidula panalibe, poti pamaliro onse a anthu akwathu ankadula ndi amalume omwewo. Ashehe anayesa, koma ukalamba unawalepheretsa.

Apo m'pamene wa ku Machinga uja anatulukira pageti, ali mu ovololo ya kuntchito. Ndinamutsekereza pakhomo.

"Mwatsata chiyani kuno? Tebulo lija silinakukwaneni?"

Anayang'ana pansi. "Ndabwera kudzawaveka aphunzitsi anga, achimwene."

Akazi a malemu anandiyankha ali m'nyumba, mawu atasasa ndi kulira. "Muleke alowe. Eni ake apita osamusungira chakukhosi, nanga iwe ndiwe ndani?"

Ndinapatuka, mtima ukuwira. Anagwada pamkeka, nati bisimila, n'kuyamba kudula. Anagwira nsaluyo ndendende mmene ankagwirira amalume, ndipo ine ndinatuluka panja kukalira.

Titaswali masana tinakweza jeneza, chithatha cha maliro, palole. Kumanda tinanyamula pamapewa mosinthana, nthaka ili gwa, mafosholo akulira pamiyala. Pobwerera, wantchito wina wa kufakitale anandinong'oneza kuti bwana anauza wa ku Machinga uja m'mawa kuti akangotuluka pageti asadzabwererenso, komanso achotse katundu wake m'kachipinda ka kuseri kwa fakitale komwe ankagona. Iye anatulukabe. Kwa ife obwera, kutha kwa ntchito kunali kutha kwa pasi, chiphaso chokhalira m'dzikomo, ndipo tonse tinkadziwa zimenezo.

Madzulo anthu anabalalika, miphika anaivundikira, nyumba inati zii. Wa ku Machinga uja yekha anatsala pabenchi panja, manja ali m'khwapa, osapempha kanthu. Mkwiyo wanga unali usanathe. Ndinalowa m'chipinda, ndinamuyalira pamene ankagona amalume, n'kukamuitana.