Pokhota Pomwe Sanapake Girisi

Kwathu kumunsi kwa Thekerani njanji imadutsa kuseri kwa nyumba ya mayi anga, ndipo pomwepo imakhota kwambiri potsata mtsinje. Kale sitima ikafika pamenepo inkalira kulira kolowa m'mano. Nkhuku zinkabalalika, ndipo abusa akakhala akulalikira ankangotseka pakamwa kudikira kuti idutse. Tonse tinkadandaula, koma azimayife phokosolo linkatithandiza m'njira imodzi: khanda likadzidzimuka kumsana sitima ikulira, tinkadziwa kuti makutu ali bwino. Ana anga awiri oyamba anayesedwa choncho, ndipo onse analira mpaka kundinyowetsa nsalu.

Wachitatu, mtsikana, anabadwa nthawi imene sitima inali itasiya kuyenda chifukwa madzi anakokolola njanji kumunsi. Anali mwana wa maso akuluakulu, wosavuta. Koma atayamba kukhala pansi ndinaona kuti ndikamuitana satembenuka. Ndinkagwetsa mbale dala kumbuyo kwake. Tsiku lina ankacheuka, tsiku lina ayi, ndiye sindinkadziwa ngati wamva kapena wangoona chithunzithunzi changa. Mayi ankati mwanayu ndi wofatsa basi, ine ndikungomufunira matenda. Bambo ake ankathyola tiyi ku esiteti cha ku Makwasa n'kumabwera pakutha pa mwezi, nawonso ankati ndikuganiza kwambiri. Ine ndine wamakani. Ndinati sitima ibwere, ndiyo idzatiweruze.

Njanji ataikonza, kusanabwere sitima kunayamba kubwera bambo wina wa ovolosi, atanyamula chitini ndi burashi yaitali. Anayenda chowerama pokhota ponse paja, akupaka zakudazakuda m'mbali mwa chitsulo.

Loweruka m'mawa mudzi wonse unaima m'mphepete. Ine mwana ndinamubereka, mtima uli m'mwamba. Sitima inatulukira, chinthu chachikulu ngati mzere wa nyumba, n'kulowa pokhota paja. Ndinakonzeka kukukuta mano. Koma sinalire. Inangodutsa ikung'ung'uza pansipansi, mabogi akupendekeka mmodzimmodzi, moti ndinamva mayi wina pawindo akufunsa mtengo wa nthochi. Kuyambira ndili mwana ndinkayesa kuti kulirako ndi mawu a sitima, monga kulira kwa ng'ombe, osadziwa kuti munthu angakuchotse ndi burashi. Anthu anaomba m'manja. Ine ndekha ndinabwerera kunyumba nditakwiya.

Bambo uja atabweranso ndi chitini chake ndinapita kwa iye. Ndinamupempha kuti ulendo uno pasapakidwe, ndipo ndinamuuza chifukwa chake. Sanandiseke. Anakana, koma anandiitana kuti ndiwerame ndione. Mbali ya mkati ya njanji inali itadyeka, yonyezimira ngati mpeni wonoledwa. Anakumba ndi chala pansi pa miyala n'kutulutsa fumbi lothwanima.

"Mayi, ichi ndi chitsulo," anatero. "Mukamamva kulira kuja, zimakhala zikudyana."

Anandifotokozera kuti mawilo awiri a sitima ndi olumikizidwa ku mtanda umodzi, amazungulira limodzi. Pokhota, lakunja limakhala ndi ulendo wautali kuposa lamkati, ndiye limodzi limakwekwereza, mlomo wa wilo n'kumapala njanji. Zikadyana kwambiri wilo limatha kukwera pamwamba, sitima n'kugwa ndi anthu. Ndinafunsa chifukwa chake samangopaka paliponse zithe. Anati pamwamba payenera kukhala pouma, apo ayi sitima ingaterereke osaima, ndipo pachitunda kukagwa chiperoni woyendetsa amachita kuthira mchenga kuti mawilo agwire. Kenako anandionetsa chikhadabo cha chala chake chachikulu, n'kunena kuti malo amene wilo limakhudza njanji ndi aakulu choncho basi. Ndinayang'ana chikhadabocho, n'kukumbukira matumba a simenti ndi anthu odzaza mabogi. Mpaka lero mutu wanga sunazilandire.

Atatseka chitini anayang'ana mwana kumsana kwanga kwa kanthawi. Anati kupitirira mlatho kuli pokhota pena pomwe girisi anamuthera asanafikepo, ndipo sadzapakapo mpaka sabata ya mawa. Anandichenjeza kuti ndikaime patali.

Loweruka lotsatira ndinauza mayi kuti ndikukafuna nkhuni. Ndinayenda m'mbali mwa njanji kudutsa minda ya nthochi mpaka ndinapapeza. Ndinamasula mwana n'kumunyamula kutsogolo, nkhope yake itayang'ana ine, msana ku njanji, kuti asaione sitima ikubwera.

Inabwera. Kulira kwake ndinali nditakuiwala. Kunayamba ngati likhweru, kenako kunang'amba chigwa chonse, mbalame n'kuuluka m'mitengo. Pansi pa mabogi pankathetheka moto masanasana. Makutu anga ankapweteka, koma manja anali ndi mwana, sindikanatha kuwatseka. Ndinangoyang'anitsitsa nkhope yake.

Iye ankaseweretsa mkanda wa m'khosi mwanga. Sanaphethire n'komwe.

Ndinadziwa, ndipo ndinalira. Sindinama, ndinalira kwambiri. Kenako ndinakhala pansi, n'kumukhazika iyenso pa dothi, mabogi omaliza akudutsabe. Nthaka inkanjenjemera. Mwana uja anasiya mkanda, anayala timanja take tonse tiwiri pansi, maso ali tong'o. Anayang'ana dothi, anayang'ana ine, kenako anatembenuka yekha kuyang'ana sitima, n'kuseka kuseka kumene ndinali ndisanakumvepo. Ndinazizwa. Chinthu chimene sichinalowe m'makutu mwake chinamupeza kudzera m'zikhatho.

Ndinafika kunyumba wopanda nkhuni. Mayi anandiyang'ana m'maso. Ndinawauza kuti Lolemba tipite ndi mwanayo kuchipatala ku Makwasa, ndipo atumize uthenga ku esiteti bambo ake akatipeze kumeneko. Iwo anamutenga mdzukulu wawo n'kuyamba kumuitana dzina mokweza, kawirikawiri.

"Amayi, musakuwe," ndinatero. "Bweretsani dzanja lake."

Ndinagwira kadzanjako n'kukaika pakhosi pa mayi. Anaitananso, chapansipansi. Mwana anakweza mutu n'kuwayang'ana.